Nkhokwe itatsekedwa: mbiri ya OpenSSL ndi makompyuta a m'zipatala zathu

Pali kauthenga kena ka Chingerezi komwe kanasowetsa tulo anthu ambiri osamalira makompyuta a Linux m'chaka cha 2022. Kamati: libssl.so.1.1: cannot open shared object file. M'chilankhulo chathu tingoti, chomwe pulogalamu yako imatsamira sichilinso pomwe unachisiya. Dzulo pulogalamuyo imayenda bwinobwino, palibe anaikhudza ngakhale chilembo chimodzi, koma lero yakana kudzuka. Ukati uimangenso kuchokera pachiyambi, kompyuta ingolavula madandaulo mpaka sikirini kudzaza.

Mwina mukuti izi ndi za anyamata a ku California, ife a kuno kunsi kwa phiri la Dedza zikutikhudza pati? Zikutikhudza, anzanga. Makina omwe akhala akusunga mbiri ya anthu olandira ma ARV m'zipatala zathu analembedwa m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Ruby, ndipo Ruby ndi mmodzi mwa omwe anagundidwa ndi vutoli kawiri, mu 2016 ndi mu 2021. Mavuto oterewa samangogwa ngati mphezi. Ali ndi mbiri, ndipo munthu woidziwa mbiriyo amakonza msanga, komanso sakonza mowononga.

Pulogalamu siima payokha

Palibe wolemba mapulogalamu amene amalemba zonse yekha. Akafuna kuti pulogalamu yake iwerenge faelo, ijambule chithunzi kapena ibise uthenga kuti akuba asauwerenge, amabwereka code yomwe ena analemba kale. Mtolo wa code yobwerekedwayo ndiwo umatchedwa library. Kalekale pulogalamu iliyonse inkasenza kope lakelake la library m'mimba mwake. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makina monga SunOS 4.0 ya 1988 anafalitsa njira ina: kope limodzi likhale pakati pa kompyuta, mapulogalamu onse azitunga pomwepo ngati pa mjigo wa mudzi.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mjigo ukakonzedwa, mudzi wonse wamwa madzi abwino tsiku lomwelo. Koma wina akasintha mpopi, aliyense amene chigubu chake chinali cha mpopi wakale atsala manja m'khosi. Umo ndi momwe vuto lathu limayambira. Code yomwe munthu walemba iyenera kudutsa mu pulogalamu ina yotchedwa compiler, yomwe imaisandutsa chinthu choti kompyuta ichimve ndi kuilumikiza ku ma library. Ntchitoyi amati kumanga, kapena build. Library ikasintha maonekedwe, kulumikizako kumakanika, build yagwa basi.

Loko wa intaneti

Library ya nkhani yathu inabadwira ku Australia. Mu 1995, Eric Young ndi Tim Hudson anayamba kulemba SSLeay, code yaulere yobisira mauthenga oyenda pa intaneti, potsatira njira ya SSL yomwe kampani ya Netscape inali itangotulutsa kumene. Awiriwa atapita kukagwira ntchito ku RSA Security kumapeto kwa 1998, anthu ena ongodzipereka anatola ntchitoyo n'kuipatsa dzina latsopano, OpenSSL. Version yake yoyamba inatuluka mu Disembala 1998.

Poti inali yaulere komanso yogwira ntchito, aliyense anaitsamira: ma server a mawebusaiti, a imelo, zilankhulo monga Python ndi Ruby. Adiresi ya webusaiti pa foni yanu ikayamba ndi https, nthawi zambiri kumbali inayo kuli OpenSSL kapena mwana wake. Koma inali ndi khalidwe limodzi lomwe linadzavuta patsogolo. Inali ngati nkhokwe yopanda chitseko: pulogalamu iliyonse inkatha kupisa dzanja mkatikati mwake n'kutenga chomwe ikufuna, osadzera pakhomo. Anthu zikwizikwi analemba code yodalira kuti chakuti chili pakona yakuti ya nkhokweyo. Zikatero eni nkhokwe sangasunthenso kanthu mkatimo popanda kuthyola zala za wina.

Ruby afika m'zipatala za Malawi

Tsopano tibwere kwathu. Mu 2001, ku wodi ya ana pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timati Kamuzu Central, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anaika timakompyuta tongodina pa sikirini ndi chala. Timakinato tinali ma i-Opener, omwe kampani ya Netpliance inkagulitsa ku America pa madola 99 kuti anthu azitsegulira intaneti, koma malondawo sanapite patali. A Baobab ankagula otsalawo pa eBay n'kuwasintha kuti agwire ntchito ya kuchipatala. Anaganiziranso za kuthima kwa magetsi: makinawo ankadya moto wochepa, wochokera ku mabatire. Kasitika ka mizeremizere komwe amamata pa buku lanu la kuchipatala kanachokera ku ntchito imeneyi.

Mu Epulo 2006 pulogalamu yawo yotsata odwala olandira mankhwala otalikitsa moyo inayamba kugwira ntchito pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo chipatala cha boma cha Dedza ndi cha Salima zinali m'gulu la zipatala za m'maboma zoyambirira kuilandira. Pulogalamuyi inamangidwa pa Ruby on Rails, chida chomwe David Heinemeier Hansson anatulutsa mu 2004 pamwamba pa chilankhulo cha Ruby cha Yukihiro Matsumoto wa ku Japan. Pansi pake panali MySQL yosungira mbiri ya odwala, kasanjidwe ka OpenMRS, ndi Ubuntu Linux. Zonsezi zaulere, ndipo n'chifukwa chake achinyamata a ku Malawi kuno anatha kuziphunzira n'kumazilemba okha. Mu 2019 udindo waukulu wosamalira makinawa unapita ku bungwe la EGPAF, ndi ndalama za boma la America zodzera ku CDC, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo.

Taonani mndandanda wake. Namwino amadalira pulogalamu, pulogalamu imadalira Rails, Rails imadalira Ruby, Ruby imadalira OpenSSL ya pa kompyutapo. Wapansiyo akatembenuka, onse apamwamba amva.

Heartbleed

Pa 7 Epulo 2014 dziko linadzidzimuka. Neel Mehta wa ku Google ndi akatswiri a kampani ya Codenomicon ku Finland anapeza, aliyense payekha, bowo mu OpenSSL lomwe linapatsidwa dzina loti Heartbleed. Munthu ali kutali ankatha kufunsa server kafunso kabodza, server n'kumuyankha ndi zomwe zili m'mutu mwake, mpaka makilobaiti 64 pa funso lililonse. M'menemo munkatha kupezeka ma password ngakhalenso kiyi wachinsinsi wa server yomweyo. Cholakwikacho chinalowa mu code kumapeto kwa Disembala 2011, chinatuluka mu version 1.0.1 mu Malichi 2012, n'kukhala zaka 2 osaonedwa. Ma server pafupifupi theka la miliyoni anali pachiopsezo.

Chomwe chinachititsa manyazi makampani akuluakulu si bowolo lokha. Zinadziwika kuti library yomwe mabanki ndi maboma ankatsamira inkalandira zopereka za madola pafupifupi 2,000 pa chaka, ndipo munthu wogwirapo ntchito tsiku lonse anali mmodzi, Stephen Henson. Mutu umodzi unkasenza denga la intaneti yonse. Mwezi womwewo a Linux Foundation anakhazikitsa thumba la Core Infrastructure Initiative, makampani anasonkha ndalama, OpenSSL inapeza antchito ena. A OpenBSD sanadikire n'komwe, anatenga code ija n'kuyamba yawoyawo, LibreSSL.

Ndiye walira mvula walira matope. Anthu anapempha kuti OpenSSL isesedwe, ndipo kusesa kwenikweni kunkafuna kuti nkhokwe ija iikidwe chitseko.

2016: chitseko

Mu Ogasiti 2016 inatuluka OpenSSL 1.1.0. Zamkati zambiri zinabisidwa. Pulogalamu yofuna manambala a kiyi wa RSA sinkaloledwanso kupisa dzanja, inkayenera kupempha kudzera pa khomo lovomerezeka lotchedwa RSA_get0_key. Code yakale yonse yopisa dzanja inayamba kukana kumangika, compiler ikudandaula kuti dereferencing pointer to incomplete type, kutanthauza kuti ukufuna kugwira zamkati mwa chinthu chomwe sunaonetsedwe mkati mwake.

Ruby 2.4, yomwe inatuluka pa Khirisimasi ya 2016, inabwera itaphunzira kale kudzera pakhomo. Koma Ruby 2.3 ndi akulu ake onse anatsala kunja. Aliyense amene anali ndi pulogalamu ya Rails yakale n'kuika Linux yatsopano anagunda khoma. A Debian 9 ndi Ubuntu 18.04 anachita chifundo posunga OpenSSL yakale pambali pa yatsopano kwa kanthawi, moti anthu ankangoika libssl1.0-dev zinthu n'kuyendanso. Chifundocho chinali cha ngongole. OpenSSL 1.0.2 inasiya kulandira chisamaliro chaulere kumapeto kwa 2019, ndipo Ubuntu yotsatira sinaitengenso.

Apa pali phunziro lomwe ambiri amalilumpha. A OpenSSL sanachite izi chifukwa cha nkhanza kapena kusowa chochita. Anatseka nkhokwe kuti mtsogolo azitha kukonza zamkati popanda kuthyola wina aliyense. Kupweteka kwa 2016 kunali kubweza ngongole ya zaka 20 za nkhokwe yapululu.

2021: dzina latsopano, malamulo atsopano

Pa 7 Seputembala 2021 inatuluka OpenSSL 3.0. Nambala 2 anaidumpha dala poti inali itagwiritsidwa kale ntchito pa chigawo china cha library yomweyo. Ulendo uno njira zobisira uthenga anazigawa m'magulu otchedwa ma provider, ndipo zakale zofooka monga MD4, RC4 ndi DES anazitsekera m'gulu lapadera lomwe silitseguka pokhapokha utapempha. Faelo ya library inasinthanso dzina, kuchoka pa libssl.so.1.1 kukhala libssl.so.3. Dzinali limasintha dala, ngati chenjezo loti wakale ndi watsopano sakulankhula chimodzimodzi.

Oyamba kulira anali olemba mawebusaiti. Node.js 17 itatuluka mu Okutobala 2021 ndi OpenSSL 3 mkati, chida chomangira mawebusaiti cha webpack 4 chinayamba kugwa ndi uthenga wa ERR_OSSL_EVP_UNSUPPORTED. Chifukwa chake? Chinkagwiritsa ntchito MD4, njira yomwe Ronald Rivest analemba mu 1990, osati pobisa chinsinsi ayi, koma pongotchulira mafaelo mayina. Kenako pa 21 Epulo 2022 Ubuntu 22.04 inatuluka ndi OpenSSL 3 yokha. Apa ndi pomwe kauthenga tinayamba nako kaja kanafalikira. Mapulogalamu omangidwa pa 1.1 ankafunafuna faelo yomwe kulibe, ndipo Ruby 2.7 ndi onse am'mbuyo mwake ankakana kumangika. Ruby yoyamba kutuluka yogwirizana kale ndi OpenSSL 3 inali 3.1, ya Disembala 2021.

Nde wina angati, bwanji osangokwera pa Ruby 3.1? N'zosavuta kunena. Ruby 3 inasintha momwe zigawo za pulogalamu zimapatsirana zinthu, Rails 5 siyenda pa Ruby 3, ndipo ukakweza Rails uyenera kukwezanso timalibrary tambirimbiri tomwe pulogalamu yako inatolera pa zaka zonsezi. Pa pulogalamu yaikulu ndi ntchito ya miyezi, ndipo pa pulogalamu ya kuchipatala uyenera kuyesa chilichonse, chifukwa tsiku lobwerera wodwala kudzatenga mankhwala likawerengedwa molakwika, wavutika ndi munthu.

Momwe zimakhalira kuseri kwa phiri

Tiyerekeze chipatala chaching'ono kumudzi, mwezi wa Januwale, mvula ili pakati. Mphezi yawomba, server yapsa. Wa zamakompyuta wanyamuka ku Lilongwe, makilomita oposa 80 pa M1, kenako msewu wafumbi womwe tsopano ndi matope okhaokha. Wabwera ndi kompyuta yatsopano, koma Ubuntu yakale ikukana kuzindikira zipangizo zake zina poti zinapangidwa iyo itatuluka kale. Waika Ubuntu yatsopano. Ruby yakale yakana kumangika. Panja mzere ukukula, anthu anadzuka m'bandakucha ndi kuzizira kwa kuno mukukudziwa, kalaliki wabwerera ku kaundula wa pepala, ndipo zonse akulembazo adzayenera kuzilowetsanso m'makina tsiku lina. Ndiye munthu woidziwa mbiri ija amayambira pati?

Choyamba, amawerenga dandaulo loyamba, osati lomaliza. Compiler ikagwa imatulutsa mizere yambiri, koma yapansiyo imangonena kuti zakanika. Chifukwa chenicheni chili pamwamba, kapena mu faelo ya log yomwe chida chomangira chimakuuza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukaona mayina oyamba ndi EVP, RSA kapena SSL mu dandaulo loyambalo, wadziwa kale mwini mlandu.

Chachiwiri, amafunsa kuti chasintha n'chiyani. Lamulo la openssl version limakuuza yomwe ili pa kompyutapo. Lamulo la ldd limakuonetsa ma library onse omwe pulogalamu ikufuna, ndi omwe akusowa. Ngati kompyuta ndi yomweyo koma inangolandira ma update usiku, faelo ya /var/log/apt/history.log imasunga zonse zomwe zinalowa ndi tsiku lake.

Chachitatu, amasankha njira, ndipo njira zoona zilipo 3.

Yoyamba ndi kumanga OpenSSL yakale pambali, mu foda yakeyake, n'kuuza Ruby pomanga kuti ayang'ane kumeneko ndi mawu oti --with-openssl-dir. Ya kompyuta yonse osaikhudza. Chida cha ruby-build chimachita zimenezi chokha chikaona kuti Ruby ukumangayo ndi wakale. Iyi ndi njira ya lero lomwe, yoti mzere uyende.

Yachiwiri ndi kuika pulogalamu pamodzi ndi ma library ake onse mu bokosi limodzi lotsekeka. Ndiyo ntchito ya Docker, yomwe inatuluka mu 2013. Bokosilo ukalinyamula kupita nalo pa kompyuta ina, mkati mwake zonse zimakhala momwe zinalili. Kwa ife n'zothandiza kwambiri poti ukhoza kulisunga pa flash, osadalira netiweki ndi bandulo pa tsiku la tsoka. Koma kumbukirani kuti bokosilo limasunga zonse, mabowo omwe.

Yachitatu ndi kusamutsa pulogalamu kuti igwirizane ndi library yatsopano. Ndi yodula, ndi yochedwa, koma ndi yokhayo yomwe imathetsa nkhani. Ziwiri zoyambazo zimangokugulira nthawi yoti uchite yachitatuyi.

Palinso njira yachidule yomwe imayenda kwambiri pa intaneti, ndipo ndi yoyenera kuithawa: kutenga libssl.so.3 n'kuipatsa dzina lonamizira loti libssl.so.1.1 kuti pulogalamu ikhulupirire kuti yapeza chomwe imafuna. Nthawi zambiri imakanabe, ndipo apo wachita mwayi. Tsoka ndi pomwe yadzuka n'kumaoneka ngati ikuyenda, kenako n'kudzagwa pakati pa ntchito popanda woidziwa chifukwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chimodzimodzi kulumikiza Ubuntu yatsopano ku nkhokwe ya mapulogalamu a Ubuntu yakale n'kuiwala: lero zayenda, koma update yotsatira idzasakaniza zinthu mpaka kompyuta yonse kusokonekera.

Masiku amalengezedwa

Chosangalatsa pa mbiri yonseyi n'chakuti pafupifupi chilichonse chinanenedweratu. Ruby 2.7 inasiya kusamalidwa mu Malichi 2023. Ubuntu 18.04 inatha chisamaliro chake chaulere mu Meyi 2023. OpenSSL 1.1.1 inatha pa 11 Seputembala 2023. Masiku onsewa anali olembedwa poyera asanafike. Bowo latsopano likapezeka tsikulo litadutsa, eni library samatanso yaulereyo, ndipo server yomwe ikusunga mayina a anthu ndi zotsatira za magazi awo imakhala ndi loko yemwe palibe akumuyang'anira. M'mudzi momwe aliyense amadziwa mnzake, chinsinsi chotere chikatuluka chimatha kupasula banja.

Ndiye ngati masiku amadziwika, n'chifukwa chiyani timadzidzimukabe? Ine ndimaona kuti vuto si umbuli wa achinyamata athu. Vuto ndi momwe ndalama zimayendera. Pulogalamu yatsopano ili ndi tsiku loikhazikitsa, pali nduna, pali nsalu yodula, pali chithunzi cha mu lipoti. Kusamutsa pulogalamu kuchoka pa Ruby 2 kupita pa Ruby 3 kulibe chithunzi. Ukaigwira bwino ntchitoyo, namwino saona kusintha kulikonse, ndipo ndiye kuti wapambana. Ndi matenda omwewo omwe anasiya OpenSSL ndi madola 2,000 pa chaka: chinthu chomwe chikuyenda palibe amachiwerengera. Kwathu kuno n'zoopsa kawiri, chifukwa gawo lalikulu la ntchitoyi lakhala likulipiridwa ndi ndalama zakunja. Boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja mu Januwale 2025, funso loti adzasamala makinawa ndani linasiya kukhala la m'kalasi.

Makolo athu sankadabwa kuti denga la udzu limafuna kufolera mvula isanagwe. Ankadula udzu nthawi yachilimwe, n'kuusunga, poti ankadziwa kuti nyumba siitha kumangidwa. Pulogalamu nayo ndi choncho. Bajeti iliyonse ya makina a m'chipatala, a pasukulu kapena a ku khonsolo yomwe ilibe mzere wa kusamutsa pulogalamu zaka zingapo zilizonse ndi bajeti yosakwanira, ngakhale itaoneka yotchipa.

Kwa inu anzanga amene mukuphunzira zamakompyuta ku MUBAS, ku UNIMA, ku Mzuni, ku MUST kapena panokha pa foni, ndikudziwa kuti mtima umakhala pa kulemba app yanuyanu. Lembani. Koma phunziraninso kutsegula code yomwe wina analemba zaka 10 zapitazo n'kuimanga pa kompyuta ya lero. Tengani Ruby 2.7, yesani kuimanga pa Ubuntu 22.04, muone ikugwa, muwerenge dandaulo loyamba, muikonze ndi njira yoyamba ija. Mukatero lembani zomwe mwachita mu faelo yoti wobwera pambuyo panu adzaipeze, ndi ma version onse, ndipo sungani kope la chilichonse chomwe munatsitsa pa intaneti. Anthu odziwa zimenezi ndi ochepa, ndipo dziko lomwe lili ndi makina akale ambiri ndi ndalama zochepa limawafuna kuposa wina aliyense.

Ndipo lembani masiku awa penapake poonekera. OpenSSL 3.0 analonjeza kuisamala mpaka pa 7 Seputembala 2026. Chisamaliro chaulere cha Ubuntu 22.04 chimatha mu 2027. Yolowa m'malo, OpenSSL 3.5, inatuluka kale mu Epulo 2025. Amene ali ndi server pansi pa desiki ku Mayani, ku Lobi kapena pa boma pano, udzu adule chilimwe chino.